Mbiri ya Kusankha ndi Kusintha Zipangizo za Magemu, Kuchokera pa Odyssey Kufika pa 4K

Magemu a pakanema anakula motsata njira ziwiri zomwe kwa zaka zoposa 20 zinkayenda motalikirana. Njira yoyamba inali ya makina otsekedwa, ogulidwa amphumphu, olumikizidwa ku TV ya pabalaza, omwe mwiniwake sankayembekezeredwa kuwatsegula. Yachiwiri inali ya kompyuta ya patebulo, yomwe munthu ankatha kuimasula, kuzulamo chiwalo chimodzi n'kusomekamo china champhamvu. M'njira yachiwiriyi ndi momwe munabadwira chizolowezi chosankha ziwalo za makina chimodzichimodzi ndi kumazisintha zikayamba kutsalira. Funso la osewera lakhala limodzi kuyambira kale: ndi chiwalo chiti chimene chikubweza zinzake m'mbuyo? Yankho ndilo lakhala likusamukasamuka. Nthawi ina linali phokoso, kenako purosesa, kenako khadi la zithunzi, ndipo pambuyo pake linadzakhala sikirini yeniyeniyo ndi magetsi oyendetsera zonsezi.

TV ndiyo inayamba. Mu 1966 Ralph Baer, injiniya wobadwira ku Germany amene ankagwira ntchito ku kampani ya Sanders Associates ku New Hampshire, analemba ganizo loti ma TV amene anali atadzaza kale m'nyumba za ku America akhoza kugwira ntchito ina kupatula kulandira mapulogalamu a nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi. Ganizoli linabala makina otchedwa Magnavox Odyssey, omwe anafika m'masitolo mu 1972 pa mtengo wa madola pafupifupi 100. Makinawa sankatulutsa phokoso kapena mitundu. Ankangojambula timabokosi toyera pa sikirini yakuda, ndipo bwalo la masewera linali pepala la pulasitiki lomwe wosewera ankamata yekha pa galasi la TV. Mapepalawa ankabwera a misinkhu iwiri, ya TV yaikulu ndi yaing'ono. Vuto losankha TV linayambira pomwepo, chifukwa Odyssey inkagulitsidwa m'masitolo a Magnavox, ndipo anthu ambiri anaganiza kuti imagwira pa TV ya kampaniyo basi. Sizinali zoona, koma zinabweza malonda m'mbuyo.

Atari inatsatira ndi Pong ya m'nyumba mu 1975, yogulitsidwa kudzera m'masitolo a Sears, kenako mu 1977 inatulutsa makina olandira makatiriji omwe anadzatchuka ndi dzina la Atari 2600. Ma TV a nthawiyo analibe polowetsera chingwe cha vidiyo, choncho makinawa ankadziyesa nyumba youlutsira zithunzi yaing'ono: ankatumiza chithunzi kudzera polowera eriyo, ndipo wosewera ankatsegula tchanelo chopanda pulogalamu kuti aone gemu yake. Mkati mwa TV yotupa kumbuyo ija, ya mtundu wa CRT, muli chida choponya ma elekitironi pa galasi lopakidwa mankhwala owala, ndipo chimajambula chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Atari 2600 inali ndi memore ya mabaiti 128 okha, yosakwana kusunga chithunzi chathunthu, motero olemba magemu ankakonza mzere uliwonse pa nthawi yeniyeni imene TV inkaujambula. Makina ndi TV zinali zomangirirana kwambiri moti kusintha kayendedwe ka TV kunali kusintha gemu yonse.

Zimenezi zinaonekera poyera pa nkhani ya NTSC ndi PAL. Ku America ndi ku Japan ma TV ankatsata NTSC, ya mizere 525, yojambula ka 60 pa sekondi. Mayiko ambiri a ku Ulaya ndi a mu Africa anatenga PAL, yomwe Walter Bruch anakonza ku kampani ya Telefunken ku Germany, ya mizere 625 koma yojambula ka 50 pa sekondi. Popeza magemu ambiri ankalembedwa ku Japan ndi ku America, akafika kumayiko a PAL osakonzedwanso ankayenda mochedwerapo ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo chithunzi chinkaphwatalala n'kusiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa onse anali mbali ya PAL. Ku Malawi nyumba youlutsira zithunzi ya boma inatsegulidwa mu 1999, pamene ku South Africa zinayamba mu 1976 ndipo ku Zambia ndi ku Zimbabwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Choncho ma TV amene analipo ku Malawi chaka cha 1999 chisanafike ankagwira kwambiri ntchito yoonetsa matepi a vidiyo, ndipo kwa ana a m'tauni ankagwiranso ntchito ndi makina otsika mtengo otsanzira Famicom ya Nintendo, ochokera ku Taiwan ndi ku China.

CRT inali yolemera, yodya malo ndiponso yotentha, koma pa magemu inali ndi ubwino umene anthu anadzauzindikira itapita. Inkajambula chithunzi nthawi yomweyo chikangofika, osachisunga kaye. Mfuti ya pulasitiki ya gemu ya Duck Hunt, yomwe Nintendo inatulutsa mu 1984, inkadalira liwiro limeneli: munthu akawombera, sikirini inkada kwa kamphindi kosaoneka bwino ndi maso, pa malo a bakha n'kuwala kabokosi koyera, ndipo diso la mfutiyo linkaona ngati yaloza pa kuwalako. N'chifukwa chake mfutiyi sigwira pa ma TV opyapyala a masiku ano.

Njira yachiwiri inakhazikika pa 12 August 1981, tsiku limene IBM inalengeza kompyuta yake ya 5150. Gulu la Don Estridge ku Boca Raton, Florida, linapatsidwa nthawi yochepa, pafupifupi chaka chimodzi, choncho silinapange ziwalo zakezake monga IBM inkachitira. Linagula purosesa ya 8088 kwa Intel, ya liwiro la 4.77 MHz, linatenga DOS kwa Microsoft, ndipo pa bolodi lalikulu la mkati, motherboard, linasiya mipata isanu yosomekamo makhadi. Apple II ya 1977 inali kale ndi mipata yotere, ndipo IBM inasindikiza buku lofotokoza mawaya onse a makinawo kuti makampani ena azipanga makhadi oyenerera. Sipanapite nthawi, makampani monga Compaq anayamba kupanga makompyuta athunthu oyendetsa mapulogalamu omwewo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 IBM inali itataya ulamuliro pa chinthu chimene inayambitsa yokha. Kwa IBM kunali kuluza. Kwa wogula kunali kupambana kwakukulu, chifukwa panalibenso kampani imodzi yomuuza chiwalo choti agule ndi mtengo wake.

Kompyuta imeneyi sinapangidwire magemu, ndipo zinkaoneka. Khadi lake loyamba la mitundu, CGA, linkaonetsa mitundu inayi yokha pa timadontho 320 m'lifupi ndi 200 m'litali la sikirini. EGA ya 1984 inafikitsa mitundu 16, ndipo VGA ya 1987 inabweretsa mitundu 256 pa timadontho 320 ndi 200, kapena mitundu 16 pa 640 ndi 480. Khadi lililonse latsopano linkafunanso monita yake, moti kukweza zithunzi kunali kugula zinthu ziwiri. Apa ndi pamene monita ya kompyuta inasiyana njira ndi TV. CGA inali ndi potulukira chingwe cha TV, koma zilembo zing'onozing'ono zinkachita chimbuuzi pa TV, ndipo VGA inasiyiratu. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira, wosewera pa kompyuta ankaona chithunzi chakuthwa kuposa cha wosewera wa pabalaza, koma pa sikirini yaing'ono ya mainchesi 14 kapena 17.

Chiwalo choyamba chimene anthu ambiri anagula chifukwa cha magemu okha chinali khadi la phokoso. Sipika ya mkati mwa PC inkangolira ngati kaweruweru, mawu amodzi pa nthawi imodzi. Kampani ya Ad Lib ya ku Quebec, Canada, inatulutsa khadi la nyimbo mu 1987, logwiritsa ntchito chip ya Yamaha, ndipo kampani ya magemu ya Sierra inalimbikitsa makhadi otere ndi gemu ya King's Quest IV mu 1988. Mu 1989 Creative Technology ya ku Singapore, ya Sim Wong Hoo, inatulutsa Sound Blaster. Inali ndi chip yomweyo ya Yamaha, choncho inkaimba magemu onse olembedwera AdLib, koma inawonjezera mawu ojambulidwa komanso posomeka chogwirira cha gemu. Ad Lib inagwa mu 1992. Zimene zinachitikazi zinadzabwerezedwa kangapo m'mbiriyi: khadi limapambana ngati likuyendetsa magemu amene anthu ali nawo kale n'kuwonjezerapo kanthu.

Kuchokera apo, magemu ndi amene ankauza anthu nthawi yosintha makina. Wing Commander ya 1990 inachititsa ambiri kufuna purosesa ya 386 ndi memore yowonjezera. The 7th Guest ndi Myst za 1993 zinagulitsa madiraivi a CD-ROM. Doom ya id Software, yotuluka pa 10 December 1993, inkafuna 386 ndi memore ya 4 MB, koma inkayenda bwino pa 486, ndipo amene makina awo anali ofooka ankachepetsa kukula kwa chithunzi mpaka kutsala kabokosi pakati pa sikirini. Quake ya 1996 inalembedwa modalira mbali ya purosesa yowerengera manambala okhala ndi zidutswa, yomwe inali yamphamvu mu Pentium ya Intel koma yofooka mu 6x86 ya Cyrix. Purosesa ya Cyrix inali yotsika mtengo ndiponso yachangu pa ntchito za muofesi, koma mbiri yake pakati pa osewera inawonongeka chifukwa cha gemu imodzi.

Nyengo yofunika kwambiri m'mbiri yonseyi ndi ya pakati pa 1996 ndi 2000. Mpaka nthawi imeneyo purosesa ndiyo inkawerengera kadontho kalikonse ka chithunzi, khadi n'kumangotumiza ku monita. Kampani ya 3dfx, yokhazikitsidwa mu 1994 ku San Jose, California, ndi Ross Smith, Gary Tarolli ndi Scott Sellers, omwe anagwirapo ntchito ku Silicon Graphics, inachotsa ntchitoyi kwa purosesa. Khadi lawo la Voodoo Graphics linafika kumapeto kwa 1996, pa nthawi imene mtengo wa memore unali utatsika kwambiri, zomwe zinatheketsa kuligulitsa pa madola pafupifupi 300 lili ndi 4 MB. Linkachita ntchito imodzi yokha, kujambula zithunzi za 3D. Silinkatha kuonetsa Windows kapena zilembo wamba, choncho munthu ankasunga khadi lake lakale, n'kulumikiza awiriwo ndi kachingwe kakafupi kunja kwa bokosi. Gemu ikayamba, Voodoo inkalanda monita. Id Software itatulutsa GLQuake mu January 1997, kusiyana kwake sikunafune wofotokozera. Makoma omwe ankaoneka a timabokositimabokosi anasalala, ndipo gemu inkayenda mosadodoma pa 640 ndi 480. Kompyuta ya chaka chatha yokhala ndi Voodoo inkaposa yatsopano yodula yopanda khadili, ndipo kuyambira pamenepo ndalama ya wosewera inayamba kupita ku khadi la zithunzi.

Voodoo2 ya 1998 inalola kusomeka makhadi awiri kuti azigawana mizere ya chithunzi, njira yotchedwa SLI. Koma 3dfx inalakwitsa pawiri. Inadalira kwambiri Glide, chilankhulo chakechake cholumikizira gemu ndi khadi, pamene Direct3D ya Microsoft ndi OpenGL, zotseguka kwa makhadi onse, zinkakhwima. Kenako inagula kampani yopanga makhadi ya STB Systems kuti izigulitsa yokha makhadi ake, ndipo makampani monga Diamond ndi Creative, omwe ankagula machip ake, anathawira kwa wopikisana nayo. Wopikisanayo anali Nvidia, yomwe Jensen Huang, Chris Malachowsky ndi Curtis Priem anayambitsa mu 1993. Chip yake yoyamba, NV1 ya 1995, inalephera chifukwa inkajambula ndi mizere yokhota pamene Microsoft inasankha timakona atatu, ndipo kampaniyo inatsala pang'ono kutsekedwa. RIVA 128 ya 1997 inaipulumutsa. Itatero inadziikira lamulo lotulutsa chip yatsopano pafupifupi miyezi 6 iliyonse, liwiro limene 3dfx sinakwanitse. GeForce 256 ya 1999, yomwe Nvidia inaitcha GPU, inalandanso kwa purosesa ntchito yowerengera malo a zinthu ndi kuwala kwake. Mu December 2000 3dfx inagulitsa chuma chake kwa Nvidia. Panatsala makampani awiri akuluakulu: Nvidia ndi ATI ya ku Ontario, Canada, yomwe Radeon 9700 Pro yake ya 2002 inatsogola kwa kanthawi, ndipo AMD inaigula mu 2006 pa madola 5.4 biliyoni.

M'zaka zomwezi kumanga kompyuta wekha kunasanduka luso la anthu wamba. Muyezo wa ATX, womwe Intel inakhazikitsa mu 1995, unagwirizanitsa kukula kwa motherboard, malo a zomangira ndi mawaya a magetsi, moti bolodi la kampani ina linkalowa m'bokosi la kampani ina popanda vuto. Masamba a pa intaneti monga Tom's Hardware ndi AnandTech anayamba kuyesa ziwalo pa magemu enieni n'kusindikiza chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, ndipo zimenezi zinachepetsa mphamvu ya mawu a otsatsa malonda. Kunabweranso chizolowezi chothamangitsa purosesa kupitirira liwiro lolembedwa pa bokosi. Chitsanzo chotchuka ndi Celeron 300A ya 1998: posintha liwiro la bolodi kuchoka pa 66 kufika pa 100 MHz, purosesa yotsika mtengoyi inkakwera kuchoka pa 300 kufika pa 450 MHz n'kumapikisana ndi Pentium II yodula kwambiri. Ufulu wosinthawu unali ndi malire ake. Mpata wa khadi la zithunzi unasintha kuchoka pa PCI kupita pa AGP mu 1997, kenako pa PCI Express mu 2004, ndipo nthawi iliyonse imeneyi wofuna khadi latsopano ankakakamizika kugulanso bolodi, nthawi zambiri pamodzi ndi purosesa ndi memore.

Opanga makina a pabalaza anayesapo kutengera chizolowezichi koma sichinawayanje. Sega inatulutsa 32X mu 1994, chowonjezera chosomeka pa Mega Drive, ndipo chinafa pasanathe zaka ziwiri. Expansion Pak ya Nintendo 64, yokweza memore kuchoka pa 4 kufika pa 8 MB, inayenda bwinopo chifukwa inali yotsika mtengo ndipo inkaperekedwa pamodzi ndi Donkey Kong 64. Mphamvu ya makina otsekedwa inali yakuti wolemba gemu ankadziwa kuti onse ali ndi chinthu chofanana. Chowonjezera chilichonse chinkagawa ogula pawiri.

Cha m'ma 2004 mpikisano wa liwiro la purosesa unagunda khoma la kutentha. Intel inasiya Pentium 4 ya 4 GHz imene inalonjeza, ndipo kuyambira 2005 Intel ndi AMD anayamba kuika mitima iwiri kapena kuposerapo mu purosesa imodzi. Makhadi a zithunzi nawo anakula thupi. Voodoo yoyamba inalibe fani, koma GeForce 8800 GTX ya 2006 inkatseka mipata iwiri ndipo inkafuna zingwe ziwiri za magetsi zakezake. Bokosi logawa magetsi, power supply, lomwe kale panalibe amene ankalifunsa dzina, linakhala chiwalo chosankha mosamala. Crysis ya kampani ya ku Germany ya Crytek, yotuluka mu 2007, inalembedwa mopitirira mphamvu za makina a nthawi yake, ndipo kwa zaka zambiri inakhala muyezo woyesera kompyuta yatsopano.

Njira ziwiri zija zinakumana pamene TV inasintha. Muyezo wa HDMI unatuluka mu December 2002, wonyamula chithunzi cha digito ndi phokoso pa chingwe chimodzi. Xbox 360 ya 2005 ndi PlayStation 3 ya 2006 zinapangidwira ma TV a HD, a mizere 720 kapena 1080, ndipo kwa nthawi yoyamba makina a magemu anayamba kukankhira anthu kukagula TV yatsopano. Gemu ya Capcom ya Dead Rising ya 2006 inali ndi zilembo zazing'ono zomwe pa TV yakale sizinkawerengeka n'komwe. Kumapeto kwa 2007 ma TV a LCD anaposa a CRT pa malonda a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2008 Sony inasiya kupanga Trinitron, TV yake ya CRT yomwe inayamba mu 1968. TV ya 1080p inali ndi timadontho 1920 ndi 1080, mofanana ndi monita yabwino, choncho kompyuta inatha kubwereranso pabalaza.

Kusinthaku kunabwera ndi vuto limene silinkalembedwa pa bokosi. TV yopyapyala ili ndi timadontho towerengeka tosasintha, choncho chithunzi chilichonse chosafanana nato iyenera kuchitambasula kaye. Opanga anawonjezeranso njira zokometsera mitundu ndi kusalaza kayendedwe ka zinthu, ndipo zonsezi zimafuna kusunga chithunzi kwa kanthawi. Pa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chimodzi chimatenga mamilisekondi 16.7, koma ma TV ena ankachedwa kupitirira mamilisekondi 100. Woonera filimu sazindikira kanthu. Wosewera mpira kapena nkhonya amadina batani, munthu wake n'kusuntha mochedwa, ndipo amatha kuganiza kuti chogwirira chafa kapena makina ndi ofooka. Yankho la opanga linali Game Mode, yozimitsa zokometsera zambiri. Zinatenga zaka kuti ogula adziwe kuti TV yokongola m'sitolo ikhoza kukhala yoipa pa magemu, ndiponso kuti manambala aakulu olembedwa pa makatoni, monga 400 kapena 800 a kusalala kwa chithunzi, kawirikawiri sanali liwiro lenileni la sikirini, lomwe linali 50, 60, 100 kapena 120 Hz.

TV yopyapyala ya plasma inali ndi mdima weniweni ndi kayendedwe kosalala, koma inkadya magetsi ambiri ndipo zinthu zokhalitsa pa malo amodzi, monga zigoli pakona, zinkatha kusiya chipsera pa galasi. Pofika kumapeto kwa 2014 Panasonic, Samsung ndi LG anali atasiya kuipanga. Malo ake anatengedwa ndi OLED, yomwe LG inayamba kugulitsa ya mainchesi 55 mu 2013. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha ndipo kamasintha msanga kwambiri, ngakhale nkhawa ya chipsera sinatheretu. Chaka chomwecho Nvidia inalengeza G-Sync, ndipo AMD inatsatira ndi FreeSync mu 2015. Njira zimenezi zinatembenuza ubale wa zaka 40: m'malo moti makina azithamangira kufanana ndi liwiro la sikirini, sikirini inayamba kudikira khadi n'kujambula chithunzi chikakonzeka, ndipo kung'ambika kwa chithunzi pakati kunatha. HDMI 2.1 ya 2017 inalowetsa luso lomweli mu TV pamodzi ndi 4K ya 120 Hz, ndipo PlayStation 5 ndi Xbox Series X za November 2020 zinalifikitsa m'nyumba zambiri.

Sikirini yaikulu ili ndi ngongole yake. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600, pamene cha 4K chili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi, ndipo ndi pafupifupi ka 130 poyerekeza ndi 64,000 ta Doom. Pa zithunzi 120 pa sekondi, khadi liyenera kuwerengera timadontho pafupifupi 1 biliyoni sekondi iliyonse. Khadi ndi sikirini zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi: ngolo imayenda pa liwiro la yofookayo. Wogula TV ya 4K n'kuilumikiza ku khadi lakale amaona gemu ikudodoma, ndipo wogula khadi lodula n'kusiya monita ya 60 Hz amalipira zithunzi zimene sadzaziona. Makhadi a Nvidia a RTX a 2018, amene anabweretsa kuwerengera njira ya kuwala monga imayendera m'chilengedwe, anabweranso ndi DLSS, njira yojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mwaluso. AMD ndi Intel ali ndi njira zawo zofanana. Uku kunali kuvomereza kuti mphamvu yeniyeni ya makhadi sinkakwanitsanso kutsatira kukula kwa masikirini.

Si kusintha konse kumene kunali kodula. SSD, yosunga zinthu popanda mbale zozungulira za hard disk, inatsika mtengo m'zaka za m'ma 2010 ndipo inatsitsimutsa makompyuta akale kuposa chiwalo china chilichonse, ngakhale imafupikitsa nthawi yodikira osati kuchulukitsa zithunzi pa sekondi. AMD inasunga soketi ya AM4 kuyambira Ryzen yoyamba ya 2017 mpaka mapurosesa monga 5800X3D ya 2022, moti mabolodi ambiri akale ankalandira purosesa yatsopano atangosinthidwa BIOS. Makina a pabalaza nawo anafanana ndi kompyuta: kuyambira PlayStation 4 ndi Xbox One za 2013 makina a Sony ndi Microsoft amagwiritsa ntchito machip a AMD a banja lomwelo la PC, ndipo mu 2021 Sony inatsegula mpata woti mwini PlayStation 5 asomekemo SSD yogula kwina.

Chimene chasokoneza mwambowu posachedwapa ndi chakuti khadi la zithunzi linapeza ntchito zina. Nvidia itatulutsa CUDA, njira yolembera mapulogalamu oyenda pa makhadi ake, cha m'ma 2007, makhadi anayamba kuwerengera zinthu zosakhudzana ndi magemu. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Toronto anaphunzitsa pulogalamu yozindikira zithunzi, AlexNet, pa makhadi awiri a GTX 580 opangidwira osewera. Mu 2017, ndiponso mu 2020 ndi 2021, okumba ndalama za pa intaneti za Ethereum anasesa makhadi m'masitolo, ulendo wachiwiriwu pa nthawi imene mliri wa Covid-19 unasokoneza mafakitale, ndipo makhadi ena ankagulitsidwa kuwirikiza kawiri mtengo wake. Ethereum inasiya njira yokumbayi mu September 2022, koma mitengo sinabwerere pakale chifukwa makampani a nzeru zopanga anali atayamba kugula machip ochuluka. GTX 1080 ya 2016 inalengezedwa pa madola 599. RTX 4090 ya 2022 inali madola 1,599 ndipo imakoka mawati 450. RTX 5090 ya 2025 inafika madola 1,999 ndi mawati 575. Khadi limodzi lotere limadya magetsi kuwirikiza kangapo kompyuta yonse ya 1981.

N'chifukwa chake mbali yaikulu ya mwambowu lero ili pa msika wa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo apa ndi pamene umakhudza mizinda monga Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Makompyuta ambiri ogulitsidwa kumeneko ndi a Dell, HP ndi Lenovo opumitsidwa m'maofesi a kunja. Mapurosesa ake amakwanira magemu ambiri, koma mabokosi ake ndi opapatiza ndipo power supply yake ndi yaing'ono, kawirikawiri yopanda chingwe cha khadi la zithunzi. Mpata wa PCI Express pawokha umapereka mawati 75, motero makhadi okhutira ndi mphamvu imeneyi, monga GTX 750 Ti ya 2014, GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019, makamaka aafupi msinkhu, akhala ndi moyo wautali kuposa makhadi ambiri odula a nthawi yawo. Kumene magetsi amathimathima ndipo nyumba ikudalira sola ndi mabatire, kuchepa kwa mawati ndi phindu lenileni. Palinso malire atsopano: Windows 11 imafuna chiwalo cha chitetezo cha TPM 2.0 ndipo pa mapurosesa a Intel imayambira kwenikweni pa m'badwo wa 8, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Pa msika wotere, wogula amene wayamba wafunsa m'badwo wa purosesa, mawati a power supply, kutalika kwa khadi lolowa m'bokosi ndi liwiro lenileni la TV yake amasewera bwino kuposa amene wangothamangira khadi la nambala yaikulu.